Giza ya gasi ikakana kutenthetsa madzi, yambani mwaimvetsera

Ndi m'mawa wa mu June, kunja kwazizira koti mano n'kumagundana. Mwatsegula mpopi wa madzi otentha, dzanja lili pansi pa shawa, mukudikira. Kuseri kwa khoma kukumveka kaphokoso: ta-ta-ta-ta-ta. Kenako zii. Madzi akubwerabe ozizira ngati a mumtsuko. Ambiri tikafika apa timangoti giza yafa, n'kuyamba kusakasaka nambala ya pulambala. Chonsecho kaphokoso kaja kakuuzani kale zinthu zitatu: madzi akufika ndi mphamvu yokwanira, mabatire akadali ndi moyo, ndipo chomwe chikusowa ndi gasi. Mwina silinda yatha usiku, mwina wina anaitseka atamaliza kuphika.

Giza zotere zachuluka m'chigawo chathu chino chifukwa cha magetsi. Ku South Africa kuzimazima kwa magetsi kunafika poipa m'zaka za 2022 ndi 2023, ndipo mabanja ambiri anachotsa giza ya magetsi padenga n'kukhoma ya gasi kunja kwa khoma. Kwathu kuno namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo eni malo ogona alendo ndi anthu ena a m'matauni anayamba kuganizira za gasi. Amalawi ogwira ntchito m'nyumba ndi m'mabwalo a anthu ku Johannesburg, Cape Town ndi Durban akuzidziwa bwino, poti madzi akazizira ndi iwo amene amauzidwa kuti akaone chavuta n'chiyani.

Dzina loti giza lenilenilo linayambira pa chipangizo cha gasi. M'chaka cha 1868 munthu wina wa ku London, Benjamin Waddy Maughan, anapanga chotenthetsera madzi choyendera gasi n'kuchitcha dzina la kasupe wotentha wa ku Iceland, Geysir. Chinkatenthetsa madzi bwino ndithu, koma chinalibe potulukira utsi, ndiye utsi wonse unkathera m'chipinda chosambiramo. Vuto limenelo tibwererakonso, chifukwa mpaka lero ndi lomwe limapha anthu.

Imene ndikunena pano ndi ija yopanda thanki, kabokosi kachitsulo kopachika pakhoma kamene kamatenthetsa madzi pomwe akudutsa. Mkati mwake zinthu zimachitika motsatana, china chikachitika ndiye china chitsatire. Mukatsegula mpopi, madzi amadutsa pa kakhosi kopapatiza n'kukankha kachimbale ka labala. Kachimbaleko kamakankha kamsomali, kamsomaliko n'kutsegula njira ya gasi komanso kukhudza kaswitchi kakang'ono. Kaswitchi kakalumikiza, mabatire amatumiza moto ku timawaya tomwe timathetheka, ndiye ta-ta-ta uja. Nthawi yomweyo valavu ina yoyendera mabatire imatseguka, mwina mumamva kuti tho kamodzi, gasi n'kufika pa mizere yoyakira. Lawi likabuka limamveka kuti vuu. Pali kawaya kena kamene ntchito yake ndi kukhala m'lawimo n'kumatsimikiza kuti moto ulipodi. Kakapanda kuumva kwa masekondi ochepa, gasi amatsekedwa. Pamwamba pa lawi pali payipi ya mkuwa yokhotakhota yokhala ndi timapepala tachitsulo tambirimbiri, ndipo madzi amatenthera m'menemo. Utsi umatulukira pamwamba.

Ndiye giza ikavuta, funso loyamba ndi lakuti mndandanda umenewu wadukira pati. Khutu limayankha msanga kuposa sipanala.

Ngati mwatsegula mpopi koma giza ili chete, yambani ndi mabatire. Zambiri zimagwiritsa ntchito mabatire awiri akuluakulu a tochi, ali m'kabokosi kunsi kwake. Ikani atsopano, ndipo onani ngati tizitsulo togwira mabatirewo tachita dzimbiri kapena zoyera ngati mchere. Mabatire ofooka amadziwikanso ndi kathethekedwe: m'malo mwa ta-ta-ta wachangu mumamva ta... ta... ta waulesi. Nthawi zina zikatero gasi amayamba waunjikana kaye, kenako n'kuyaka mwaphokoso kuti phuu mpaka chitseko cha giza kugwedera. Phokoso limenelo musalizolowere. Likapitirira mutasintha mabatire, itanani mmisiri. Giza zamakono zokhala ndi fani ndi kagalasi koonetsa manambala sizigwiritsa ntchito mabatire, zimafuna magetsi a pakhoma, choncho magetsi akazima nazonso zimagona. Wogula giza pothawa kuzima kwa magetsi afunse zimenezi asanalipire.

Mabatire akakhala abwino koma kuli zii, mlandu uli ndi madzi, ndipo apa m'pamene ndaona anthu ambiri akutaya ndalama kugula zipangizo zomwe sizinaonongeke. Giza ya gasi siidziwa kuti mwatsegula mpopi. Chomwe imamva ndi kuthamanga kwa madzi basi. Madzi akachepa mphamvu, kachimbale ka labala sikasuntha, ndipo kwa iyo zili ngati palibe amene akusamba.

Zofooketsa madzi n'zambiri. Polowera madzi ozizira pali kasefa kakang'ono ngati kachipewa ka waya. Madzi a m'mipopi akasiya n'kubweranso, amabwera ndi mchenga ndi dzimbiri, ndipo zonsezo zimaima pa kasefako. Tsekani madzi, masulani payipi, tulutsani kasefa, katsukeni ndi mswachi wakale. Mutu wa shawa nawo umatsekeka timabowo. Uviikeni mu viniga usiku umodzi. Njira yachidule yodziwira ngati vuto ndi shawa: tsegulani mpopi wotentha wa pasinki. Giza ikayakira wa pasinki koma n'kukanira shawa, siyani giza, limbanani ndi shawayo.

Nyumba zambiri ku Lilongwe ndi ku Blantyre zimamwa madzi a m'thanki yoikidwa pansanja, ndipo apa masamu ake ndi osavuta. Mphamvu ya madzi imayezedwa mu bar, ndipo mamita 10 a kutalika amapereka bar imodzi. Thanki yomwe madzi ake ali mamita 3 pamwamba pa shawa ikupereka bar 0.3 yokha, ndipo ikafika theka mphamvuyo imatsikanso. N'chifukwa chake giza ina imayaka bwino m'mawa thanki ili yodzaza, madzulo n'kumakana. Pa chikwangwani cha giza iliyonse pamalembedwa mphamvu yochepetsetsa ya madzi yomwe imafuna. Zilipo zopangidwira madzi ofooka, apo ayi pamafunika kapampu kokankhira madzi. Kumenya giza ndi chikhatho, monga ena amachitira, kumangomasula mawaya.

Dandaulo lomwe limamveka kawirikawiri ndi ili: madzi amatentha kwambiri, ndikati ndisakanize ndi ozizira giza imazima, ndiye ndimasamba mosinthana, moto kenako ayezi. Ichi si chilema cha giza, ndi chizolowezi chomwe tinachitenga ku giza ya magetsi. Ija imasunga madzi owira m'thanki ndipo kusakaniza n'kofunika. Iyi ukatsegula ozizira, otentha amayenda pang'ono, ndipo akachepa kupitirira muyezo kachimbale kaja kamabwerera, moto n'kuzima. Mankhwala ake ndi kutchera giza yeniyeniyo kuti izitulutsa madzi osambika, a madigiri 40 kapena 42, n'kumasamba ndi mpopi wotentha wokha. Kutsogolo kwa giza kumakhala zopotokola ziwiri kapena zitatu: cha kukula kwa lawi, cha kuchuluka kwa madzi, ndi china cha nyengo chomwe chimazimitsa mizere ina yoyakira m'nthawi yotentha. Chepetsani lawi m'malo mothira madzi ozizira. Gasi amakhalitsanso mukatero, chifukwa kutenthetsa madzi mpaka madigiri 60 kuti muwaziziritsenso ndi kuotcha ndalama.

Nambala ya malita yolembedwa pa giza nayo imasokoneza anthu. Akati giza ya malita 12, sakutanthauza kuti imasunga malita 12. Akunena kuti pa mphindi imodzi imatha kukweza kutentha kwa malita 12 ndi madigiri 25. Mu October madzi akulowa ali pa madigiri 25, atuluka ali pa 50, ndipo aliyense amaiyamikira. Mu June madzi akulowa ali pa 10, atuluka ali pa 35, ofunda chabe. Giza ndi yomweyo, sinakalambe. Kuti afike pa 42 muyenera kuchepetsa madzi mpaka malita 9 pa mphindi, ndipo wina akatsegula mpopi kukhitchini nthawi yomweyo, nonse mugawana kufundako.

Tsopano ta-ta-ta akumveka koma lawi silikubuka. Onani silinda kaye. Njira yodalirika ndi sikelo: pa khosi la silinda pamadindidwa kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu, ndiye mukachotsera nambala imeneyo pa zomwe sikelo yaonetsa, chotsalacho ndi gasi. Ngati mwangosintha silinda, m'payipi mumakhala mpweya wamba, ndipo pamafunika kutsegula ndi kutseka mpopi kangapo kuti gasi afike.

Koma pali china chomwe chimazunguza mutu: silinda ili ndi gasi, lawi labuka bwino, patapita mphindi zisanu layamba kufooka, ndipo kunja kwa silinda kwachita thukuta kapena chisanu choyera mbuu chakumunsi. Gasi wa m'silinda amakhala wamadzimadzi, ndipo kuti atuluke ngati mpweya ayenera kuwira. Kuwirako kumatenga kutentha kuchokera m'khoma la silinda ndi mphepo yoizungulira. Giza ndi chilombo pa kadyedwe: ya malita 12 imapereka kutentha kwa pafupifupi makilowati 21, kuwirikiza kasanu ndi kawiri waya wa makilowati 3 wa m'giza ya magetsi, ndipo ikayaka mwamphamvu imadya gasi woyandikira makilogalamu 2 pa ola. Silinda yaing'ono singawiritse gasi mwachangu chotero, ndiye imazizira, mphamvu n'kugwa. Gasi wathu ndi wosakaniza propane ndi butane. Propane amawirabe mpaka madigiri 42 kunsi kwa ziro, koma butane amasiya kuwira pafupi ndi ziro penipeni, choncho m'mawa wachisanu silinda yotsala pang'ono kutha imaoneka ngati yatheratu, dzuwa likakwera n'kudzukanso. Yankho ndi silinda yaikulu, ya makilogalamu 19 kapena 48, makamaka ziwiri zolumikizidwa kuti ina ikatha mungotembenuzira ku inzake. Kuika mbaula pafupi ndi silinda kuti ifunde, kapena kuithira madzi owira, musayerekeze n'komwe.

Masamu omwewo amathandiza poganizira za m'thumba. Kusamba kwa mphindi 10 lawi lili lonse kumadya pafupifupi magalamu 300, ndiye silinda ya makilogalamu 9 ndi masambidwe 30 kapena kuposerapo pang'ono. Banja la anthu asanu liwerengere lokha.

Regyuleta, kachipangizo komangidwa pakamwa pa silinda, nayo ili ndi malire. Ya m'nyumba imatsitsa mphamvu ya gasi kufika pa 2.8 kPa, koma pathupi pake pamalembedwanso makilogalamu omwe ingadutsitse pa ola. Kaja kogulira sitovu ya mbale ziwiri sikangadyetse giza ndi sitovu nthawi imodzi. Komanso madera ena a Johannesburg amalandira gasi wa m'mapayipi a pansi kuchokera ku Egoli Gas, monganso nyumba zambiri za ku Britain zimayendera gasi wa m'mapayipi. Ameneyo ndi gasi wamtundu wina, ndipo timabowo totulukira gasi m'giza yake n'tokulirapo. Giza yotero ikalumikizidwa ku silinda osaisintha, imayaka lawi lalitali lautsi. Wogula giza yogwiritsidwapo kale ntchito awerenge chikwangwani.

Lawi likabuka n'kuzima patangopita masekondi ochepa, kawirikawiri ndi kawaya komva moto kaja kada kapena kasuntha. Likazima pa mphindi 20 ndendende, si vuto: giza zambiri za mabatire zili ndi wotchi yozimitsa dala, ndipo mukatseka mpopi n'kutsegulanso zimayambiranso. Likamazima madzi atatentha mopitirira, ndi chotetezera china chomwe chaona kuti mkuwa wapsa kwambiri, ndipo apa ganizirani za miyala ya m'madzi. Madzi a pamjigo ndi a zitsime zakuya m'madera ambiri amasiya zoyera zolimba monga zija za m'ketulo. M'payipi yopapatiza ya mkuwa zoyerazi zimachepetsa njira ndiponso zimatchinga kutentha, ndipo zimamera msanga madzi akamapitirira madigiri 60. Giza yotero imalira ngati ketulo ikatsala pang'ono kuwira. Mmisiri amazisungunula pozunguliza viniga kapena asidi wofooka m'payipimo ndi kapampu. Kumene madzi ali otere, kamodzi pachaka sikuchulukitsa.

Chosemphana ndi zonsezi ndicho choopsa: mwatseka mpopi koma giza ikuyakabe kapena ikuthethekabe. Kamsomali kaja kakanirira. Thamangani mukatseke gasi pa silinda, ndipo musaiyatsenso mpaka ikonzedwe, chifukwa madzi oima m'payipi ya mkuwa amawira m'kanthawi kochepa. Kamsomali kameneka kamayamba ndi kudontheza timadzi, dontho limodzilimodzi, pansi pa giza. Kadontho kameneko musakapeputse.

Pa zonse zomwe mwininyumba angaone yekha, chachikulu ndi mtundu wa lawi. Kutsogolo kwa giza kuli kawindo. Suzumiranipo giza ikuyaka. Lawi labwino ndi la buluu, lalifupi, loima mofanana pa mizere yonse. Lawi lachikasu, lalitali, loweyuka ngati la koloboyi, likutanthauza kuti gasi sakupeza mpweya wokwanira. Zizindikiro zina ndi mwaye wakuda bii pamwamba pa giza kapena pakhoma, ndi utoto wowauka. Zoyambitsa zake nthawi zambiri n'zazing'ono zochititsa manyazi: kangaude waluka m'kapayipi kolowera mpweya, mavu amanga nyumba ya dothi, nalimata wafera pa mizere yoyakira, mbalame yamanga chisa m'chumuni. Nyumba ikakhala miyezi ingapo popanda munthu, musanasambe yang'anani zimenezi.

Gasi akapanda kupsa bwino amatulutsa carbon monoxide, mpweya womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Akuluakulu anati tsoka silinunkha, ndipo mpweya uwu sununkhadi, suoneka, sutsokomoletsa. Umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino maulendo oposa 200, ndiye thupi limabanika munthu akupuma bwinobwino. Umayamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, zomwe aliyense kwathu angazitche malungo. Chosiyanitsa n'chakuti anthu angapo a m'nyumba imodzi amadwala limodzi, ndipo akatuluka panja amapezako bwino. M'bafa ndiye moopsa kwambiri, poti kachipinda n'kakang'ono, chitseko n'chokhoma, zenera latsekedwa chifukwa cha kuzizira, ndipo munthu akakomoka ena amangoti akuchedwa kusamba. Giza wamba ya mabatire malo ake ndi kunja, kapena pamalo opita mphepo pokhala ndi chumuni chotulutsa utsi kunja. M'bafa ndi m'chipinda chogona ayi, ngakhale wokhomayo atanena kuti payipi ifupika ndipo mtengo utsika. Nyumba zambiri zakuseri zomwe anthu amachita lendi zimakhala chipinda chimodzi, bafa, khitchini ndi bedi pamodzi, ndipo kwa ine amenewa ndi malo omwe kachipangizo kolira kakamva carbon monoxide n'kofunika kuposa wailesi ya kanema. Wina akaonetsa zizindikiro zija, mutulutseni panja, tsekani gasi, thamangirani naye kuchipatala ndipo mukanene kuti mukukayikira utsi wa gasi.

Kutuluka kwa gasi wosayaka ndi ngozi ina, koma iyi imanunkha, chifukwa ogulitsa amathiramo dala mankhwala a fungo loipa, ethyl mercaptan. Gasi wa m'silinda ndi wolemera kuposa mpweya, choncho sauluka, amayenderera pansi ngati madzi n'kukadikha m'ngalande ndi m'maenje. Mukamva fungo, tsekani silinda, tsegulani zitseko, musakhudze switchi iliyonse ngakhale yozimitsa. Pofufuza potulukira gwiritsani ntchito madzi a sopo: pakani pa mfundo zonse, pomwe pakufufuma thovu ndi pomwepo. Machesi ayi. Payipi yofewa ya gasi muipinde pang'ono n'kuona ngati yachita ming'alu, poti dzuwa limaiumitsa ndipo makoswe amaikonda.

Okhala m'zigawo za Gauteng ndi Free State ku South Africa ali ndi mdani wina, chisanu cha usiku. Madzi otsalira m'payipi ya mkuwa akaundana amafufuma n'kuing'amba, m'mawa n'kupeza giza ikukha madzi ngati dengu. Kunsi kwa giza zambiri kuli kachitseko kokhetsera madzi. Usiku wozizira kwambiri, kapena pochoka panyumba m'nyengo yozizira, tsekani madzi olowa, tsegulani mpopi wotentha, masulani kachitsekoko.

Ilipo giza ya gasi ya thanki, yofala ku America, imene imakhala ndi kalawi kakang'ono kosazima. Kalawiko kakamazima mukangosiya kukanikiza batani, nthawi zambiri ndi kachitsulo kotchedwa thermocouple katopa. Thanki yake imafuna kukhetsedwa matope a pansi chaka ndi chaka, ndipo mkati muli ndodo yomwe imadyeka dala kuti dzimbiri lisadye thankiyo. Kuno sizipezeka kwambiri.

Malire a mwininyumba ndi awa: mabatire, kasefa, shawa, zopotokola, silinda, madzi a sopo ndi maso. Chilichonse chofuna kumasula njira ya gasi kapena kutsegula m'kati mwa giza ndi cha mmisiri wa gasi, amene si pulambala aliyense. Ku South Africa woika zipangizo za gasi ayenera kukhala wolembetsedwa ku bungwe la SAQCC Gas, amakhala ndi khadi, ndipo akamaliza ntchito amapereka satifiketi yotsimikiza kuti zonse zatsata malamulo a SANS 10087. Malamulowo amanena ngakhale za poika silinda, monga kutalikira mita imodzi kuchoka pa chitseko ndi mamita 2 kuchoka pa ngalande. Satifiketiyo a inshuwalansi amaifunsa nyumba ikapsa, ndipo imafunikanso pogulitsa nyumba. Ku Britain ntchitoyi ndi ya olembetsedwa ku Gas Safe Register, ndipo landilodi amakakamizidwa kuunikitsa zipangizo za gasi chaka chilichonse n'kupatsa wochita lendi chikalata chake. Ku Malawi bizinesi ya gasi imayang'aniridwa ndi bungwe la MERA.

Mukamuimbira mmisiriyo, musangoti giza yafa. Muuzeni dzina la giza ndi malita ake, kukula kwa silinda, ngati madzi ndi a thanki kapena a mpopi wa mumsewu, ndi zomwe mwamva: kuli zii, kapena ikuthetheka osayaka, kapena ikuyaka masekondi asanu n'kuzima. Akamva kuti kuli zii pamene mabatire ndi atsopano ndipo kasefa n'koyera, abwera atanyamula kale kachimbale ka labala ndi kaswitchi m'thumba, ndipo simulipira ulendo wachiwiri.